PHUNZIRO 17: Alimi a ku Ireland ndi zizindikiro za mvula

Anzathu a m'koperativa, dzinja likayandikira timaona anamzeze ambiri akuuluka pamwamba pa minda yathu. Kodi tinadzifunsapo kumene amachokera? Ena ndi akonkuno. Koma mtundu wina umachokera kutali, ku Ulaya ndi ku Asia, kuthawa kuzizira. Anthu ophunzira za mbalame amagwira anamzeze ndi kuwaveka kamphete ka nambala kumwendo. Ndi njira imeneyi anadziwa kuti anamzeze obadwira pa chilumba cha Ireland amafika mpaka ku South Africa. Ndi ulendo wa makilomita oposa 9,000. Kambalame kochepa chonchija!

Lero tiphunzira za anthu a pa chilumba chimenecho. Makolo ao anali alimi ndi asodzi ngati ife. Analibe wailesi. Analibe chida choyezera nyengo. Ankayang'ana kumwamba, mbalame, moto ndi mchere kuti adziwe za mawa. Tiona zimene ankakhulupirira, ndipo tizipeta monga tipetera chimanga chokonola: mphale padera, gaga padera.

DZIKO LA MVUMBI

Ireland ili kumadzulo kwa Ulaya, pafupi ndi Britain. Si dziko lalikulu ai. Chigawo chathu cha Tete chimaliposa. Kumadzulo kwake kuli nyanja yaikulu yamchere ya Atlantic, madzi okhaokha mpaka ku America. Mphepo kawirikawiri imachokera kunyanjako, ndipo imabwera itasenza chinyezi.

Kuno kwathu chaka chili ndi dzinja ndi chilimwe. Mvula ikatha tingayanike chimanga pabwalo popanda nkhawa. Ku Ireland sizili choncho. Mvula imagwa mwezi uliwonse. Kawirikawiri si ya mabingu, koma mvumbi, yowaza ngati chiperoni. Oyeza mvula amati kum'mawa kwa chilumbacho imagwa masiku ngati 150 pa chaka, ndipo malo ena kumadzulo masiku ngati 225. Komatu sikuti madziwo ndi ochuluka ponseponse. Mzinda waukulu wa Dublin umalandira mamilimita ngati 750 pa chaka, osaposa mvula ya ku mapiri a Angónia. Kusiyana kwake ndi uku: yathu imagwa miyezi isanu basi, yao imagawika chaka chonse. Miyezi nayonso ndi yotembenuka. Kumazizira kwambiri mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Kumafunda mu Juni, Julayi ndi Ogasiti.

Tsono mlimi wa kuno amafunsa kuti: mvula iyamba liti? Mlimi wa ku Ireland amafunsa kuti: mvula ikata liti, ndipo ikata masiku angati?

Funso limeneli linali la moyo. M'miyezi yozizira msipu sumera. Choncho mlimi ankamweta udzu mu Juni ndi Julayi, kuuyanika m'munda, ndi kuuunjika milu kuti ng'ombe zidzadye. Udzu womweta umafuna masiku angapo a dzuwa otsatizana. Ukavumbwa umaola, ndipo ng'ombe zimaonda. Nkhuni nazo zinali zosowa, popeza nkhalango zambiri zinatha kalekale. Anthu ankakumba dothi lakuda la m'madambo, lochokera ku zomera zoola, nalidula ngati njerwa, naliyanika. M'chinenero chao amalitcha móin. Likauma limayaka bwino. Likapanda kuuma, banja limagona m'nyumba yozizira. Ndiyeno panali asodzi. Ankapita panyanja yaikulu ija m'timabwato topepuka totchedwa currach, ta timitengo tokutidwa ndi chikopa kapena chinsalu chopaka phula. Munthu wotere akalakwa powerenga kumwamba sabwerera kwao.

ANA A SUKULU ANALEMBA

Kodi ife tadziwa bwanji zimene ankanena anthu akumidzi a kutali chonchi? Tadziwa chifukwa zinalembedwa. Mu 1935 boma la Ireland linakhazikitsa bungwe losonkhanitsa nthano ndi nzeru za makolo, lotsogozedwa ndi Séamus Ó Duilearga. Kuyambira 1937 mpaka 1939 bungwelo linapempha ana a sukulu za pulaimale kuti athandize. Ana oposa 50,000 a m'masukulu ngati 5,000 anapita kwa agogo ao ndi kwa anansi, nafunsa, nalemba m'makope. Analemba nthano, miyambi, mankhwala, maina a minda, ndiponso zizindikiro za nyengo. Masamba onse pamodzi ndi oposa 700,000. Akusungidwa mpaka lero ku University College Dublin.

Taganizani, anzathu. Agogo ajawo onse anamwalira. Koma mau ao alipo, chifukwa mwana wina anatenga cholembera.

ZA M'NYUMBA

Zizindikiro zambiri ankaziona ali khale pamoto. Mwaye ukamagwa m'chumuni, ankati mvula ili pafupi. Mchere ukanyowa m'chikho, mvula. Miyala yoyala pansi m'nyumba ikachita ngati yatuluka thukuta, mvula. Ena ankapachika ndere za m'nyanja pakhomo: zikauma gwa, kunja kukhala bwino, zikafewa, chotsani zoyanika. Utsi ukakwera chilili, dzuwa. Ukamagwera pansi ndi kukwawa pabwalo, mvula. Lawi lobiriwira ngati thambo likaoneka pamoto, ankati kukubwera namondwe. Mphaka akakhala chofulatira moto, namondwe. Akamakanda miyendo ya tebulo, chimphepo. Galu akamadya udzu, mvula. Ndipo agogo akayamba kudandaula maondo, nayonso mvula.

Tiyeni tipete tsopano.

Mumpweya muli madzi amene maso saona. Ndiwo timati chinyezi. Mchere umamwa madzi amenewa. Amai onse amadziwa mmene mchere umachitira mu Febuluwale. Mwaye nawo umamwa, umalemera, nugwa. Ndere nazo chimodzimodzi. Nanga thukuta la miyala? Mpweya wofunda wachinyezi ukakhudza mwala wozizira umasiyapo madzi, monga mame pa khasu losiyidwa panja. Ku Ireland mpweya wotere umachokera kunyanja, ndipo kawirikawiri mvula imadza nawo. Apa pali mphale ndithu.

Koma tionetsetse. Mcherewo sudziwa za mawa. Sulosera. Ukungotiuza za mpweya umene wafika kale m'nyumba, umene khungu lathu silinaumve bwino. Ndiye chifukwa chake chizindikiro chotere chimathandiza kwa maola owerengeka kapena tsiku limodzi, osati mlungu wathunthu.

Nanga galu uja? Galu amadya udzu tsiku lililonse limene wafuna, kuno ndi ku Ireland komwe. Nanga n'chifukwa chiani anthu anzeru ankakhulupirira? Tiwerenge pamodzi. Chaka chili ndi masiku 365. Pamalo pamene mvula imagwa masiku 225, munthu wongonena tsiku ndi tsiku kuti "mawa kugwa mvula" adzalondola koposa theka la masikuwo, ngakhale asayang'ane kanthu. Galu akadya udzu mvula n'kugwa, onse amakumbukira. Akadya udzu dzuwa n'kuwala, palibe amakumbukira. Umu ndi mmene gaga amalowera mu mphale. Mphaka wofulatira moto timuike komweko. Iye akungootha msana wake.

MBALAME, ACHULE NDI NKHOSA

Anamzeze aja amabwerera ku Ireland mu Epulo, ndipo alimi amakondwa akawaona, pakuti kuzizira kwatha. Ankati namzeze akauluka pamwamba kwambiri, mwetani udzu. Akauluka chapansipansi, mpaka kukhudza madzi, mvula ikudza. Chifukwa chake n'chodziwika. Namzeze amadya tizilombo touluka. Kukatentha mpweya wofunda umakwera ndi kunyamula tizilomboto m'mwamba. Kukazizira ndi kuchita chinyezi timatsika, ndipo namzeze amatsata chakudya chake. Chizindikiro ichi ifenso timachidziwa.

Mbalame zoyera za kunyanja zikabwera zambiri kumtunda n'kutera m'minda, ankati panyanja pavuta. Nkhosa zikakwera pamwamba pa phiri, kunja kuli bwino. Zikatsika n'kubisala kuseri kwa mipanda ya miyala, konzekani. Ziweto ndi mbalame zimamva mphepo ndi kuzizira msanga kuposa munthu amene ali m'nyumba, choncho izi sitingazitaye.

Za chule n'zokondweretsa. Omweta udzu akapeza chule m'munda ankayang'ana khungu lake. Akakhala wachikasu, ankapitiriza kumweta mokondwa. Akakhala wakuda, ankafulumira kuunjika udzu. N'zoona kuti chule wa kumeneko amasintha khungu: limada pamalo onyowa ndi ozizira, limayera pamalo ouma ndi ofunda. Koma nayenso ali ngati mchere uja. Akunena za lero.

Pali china chimene chimanenedwabe mpaka pano. Mitengo ya minga ya m'mipanda ikabala tizipatso tofiira tambirimbiri, amati kudzazizira koopsa, ndipo mtengo wakonzeratu chakudya cha mbalame. Ndi mau okoma, koma mtengo sudziwa za m'tsogolo. Zipatso zambiri zimasonyeza kuti nthawi ya maluwa kunali bwino. Mtengowo ukusimba za m'mbuyo.

KUWERENGA KUMWAMBA

Apa ndi pamene nzeru zao zinali zakuya, ndipo tichedwepo pang'ono.

Mvula ya ku Ireland imabadwira kutali panyanja. Kumeneko mpweya wofunda ndi mpweya wozizira zimakumana, n'kupanga chimkuntho chachikulu chozungulira, chotambalala makilomita mazanamazana. Chimkunthocho chimayenda kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Sichifika chonse nthawi imodzi. Chili ngati gulu la ng'ombe lobwera kumudzi: poyamba umaona fumbi, kenaka umamva kulira, pomaliza ng'ombezo.

Fumbi lake ndi timitambo topyapyala ta m'mwamba kwambiri, tooneka ngati ubweya wa mbuzi kapena mchira wa kavalo. Kumeneko n'kozizira kotero kuti madzi amauma n'kukhala timiyala ting'onoting'ono towala. Kuwala kwa mwezi kukadutsa m'timiyalato kumapanga mkombero woyera wozungulira mwezi. Alimi a ku Ireland akaona mkomberowo ankati mvula ili m'njira. Ankanena zoona kawirikawiri, pakuti mitambo imeneyi imatsogola, ndipo mvula imatsatira patapita theka la tsiku kapena tsiku limodzi. Mlimi woona mkombero usiku ankadzutsa banja lonse m'mamawa kukaunjika udzu.

Asodzi ankamvetsera nyanja. Tsiku lina kunja kuli zii, kopanda mphepo, koma mafunde aataliatali akumenya miyala ya m'gombe, mkokomo wake n'kumveka kutali kumtunda. Akuluakulu ankati musatulutse bwato. Anali ndi chifukwa. Namondwe akamaomba kutali, mafunde amene wautsa amathamanga n'kufika pagombe iye asanafike.

Mudzi uliwonse unali ndi phiri lake loyang'anapo. Ku Mayo kuli phiri lotchuka la Croagh Patrick, lalitali mamita 764. Mtambo ukakhala pansonga ya phiri ngati chipewa, anthu ankati mvula. Mpweya wachinyezi ukakwera phiri umazizira n'kusanduka mtambo, choncho phiri limaona chinyezi chigwa chisanachione. Ankatinso mapiri akutali akaoneka ngati ayandikira, mtengo uliwonse n'kuoneka bwino, mvula siili patali. Akaoneka patali, obisika m'kautsi, dzuwa lipitirira.

Tsono pali chizindikiro chodziwika koposa zonse. Kumwamba kukafiira madzulo, mawa kuwala. Kukafiira m'mawa, mvula ikudza. Tachimvetsani bwino. Dzuwa limalowa kumadzulo. Kuti kufiire madzulo, kumadzuloko kuyenera kukhala kopanda mitambo yochindikala. Ndipo popeza nyengo ya ku Ireland imachokera kumadzulo, kuyera kumeneko ndiko kudzafika mawa. M'mawa zimatembenuka. Dzuwa lili kum'mawa, kumene kwayera, ndipo likuwalira mitambo yochokera kumadzulo. Ndiye kuti kuyera kwadutsa kale, mitambo ndiyo ikubwera. Utawaleza nawo chimodzimodzi. Umaoneka mbali yopenyana ndi dzuwa. Wa m'mawa uli kumadzulo, ndiye kuti mvula ili kumadzulo ndipo ikubwera. Wa madzulo uli kum'mawa, mvula yapita.

Kodi tingatenge chizindikiro ichi n'kuchigwiritsa ntchito ku Tete kapena ku Niassa? Iai, osafulumira. Kuno mphepo zambiri zimachokera kum'mawa ndi kumwera, ndipo mvula ya mabingu kawirikawiri imapangika pompano masana, dzuwa litatentha nthaka yonyowa. Msodzi wa pa nyanja ya Niassa amaopa mwera, wochokera kumwera. Msodzi wa ku Ireland amayang'ana kumadzulo. Onse awiri akulondola, aliyense pagombe lake.

MASIKU A OYERA MTIMA NDI NG'OMBE YOKALAMBA

Panalinso zikhulupiriro za masiku. Tsiku la 1 Febuluwale ndi la Brigid woyera, ndipo ankaliyesa chiyambi cha nyengo yolima. Tsiku la 17 Malichi ndi la Patrick woyera. Ankasimba kuti Brigid analonjeza dzuwa modumphitsa tsiku limodzi kuyambira pa tsiku lake, ndipo Patrick, posafuna kuchepa, analonjeza dzuwa masiku onse kuyambira pa tsiku lake. M'dziko la mvumbi lija! Tiganiza kuti osimbawo ankamwetulira. Komabe masikuwa anali ndi ntchito yeniyeni. Anali kalendala ya munthu wosawerenga. Tsiku la Brigid likafika, konza munda. Tsiku la Patrick likafika, yamba kubzala mbatata.

Tsiku la 15 Julayi ndi la Swithin woyera, amene anali bishopu ku Winchester, ku England. Anthu a ku England ndi a ku Ireland ankati ikagwa mvula tsiku limenelo, igwa masiku 40. Likawala dzuwa, liwala masiku 40. Mabuku a oyeza mvula sagwirizana nazo. Tsiku limodzi silingalamulire masiku 40.

Nthano ya ng'ombe ndiyo yabwino. Akuti kunali ng'ombe yokalamba ya mawangamawanga. Inapirira kuzizira konse kwa mwezi wa Malichi. Mwezi utatha inayamba kudzitama kuti Malichi walephera kuipha. Malichi anakwiya. Anapita kwa Epulo, nabwereka masiku atatu. Masiku atatuwo anaomba ndi chimphepo chozizira, mpaka ng'ombe ija inafa, naisenda chikopa. Mpaka lero masiku oyamba a Epulo amawatcha masiku a ng'ombe ya mawanga, m'chinenero chao Laethanta na Bó Riabhaí.

Mwezi subwereka masiku, tonse tikudziwa. Koma nthanoyi sitiitaya. Nthawi imeneyo udzu wouma watsala pang'ono kutha, msipu sunamere, ng'ombe zaonda. Kuzizira kukabwerera, zofooka zimafa. Nthanoyi ikuuza woweta kuti asamalize udzu msanga poona dzuwa la masiku awiri. Ifenso tikudziwa za munthu wobzala mbeu yake yonse ndi mvula yoyamba, yozimitsa lupsa, kenaka dzuwa n'kubwerera.

PAMENE ZIZINDIKIRO ZINALEPHERA

Pa 5 Januwale 1839 ku Ireland kunagwa chipale chofewa. Tsiku lotsatira, Lamulungu, kunafunda modabwitsa ndipo chipalecho chinasungunuka. Kunja kunali bata. Madzulo mphepo inayamba. Pofika pakati pa usiku inali itasanduka chimphepo chimene anthu anali asanachionepo. Inasasula madenga a udzu. Moto wa m'mafuwa unagwira nyumba. Milu ya udzu wa ng'ombe ndi ya móin inamwazika. Mitengo ikuluikulu inazuka, zombo zinasweka. Anthu ambiri anafa, pamtunda ndi panyanja. Usiku umenewo amautcha Oíche na Gaoithe Móire, ndiko kuti usiku wa chimphepo chachikulu.

Anthu sanauiwale. Mu 1909 boma linayamba kupereka penshoni kwa okalamba a zaka 70. Koma ambiri analibe chikalata cha kubadwa, pakuti boma linayamba kulemba ana onse obadwa mu 1864. Ndiye akuluakulu a boma ankafunsa nkhalambazo kuti: kodi usiku wa chimphepo uja mukuukumbukira? Wokumbukira ankamuyesa kuti zaka zakwana.

Pa 28 Okutobala 1927 madzulo, nyanja inali bata ku gombe la kumadzulo. Asodzi a ku Cleggan, Inishbofin, Inishkea ndi Lacken anatulutsa mabwato ao. Anali amuna odziwa nyanja chibadwire. Usiku namondwe anafika mwadzidzidzi, ndipo asodzi 45 anamira. M'midzi ing'onoing'ono imeneyo munatsala amasiye ambiri.

Kodi asodziwo anali opanda nzeru? Iai. Koma maso a munthu woima pagombe amalekeza pamene thambo lakumana ndi madzi. Namondwe wina amakula msanga ndi kuthamanga kwambiri, kotero kuti fumbi ndi ng'ombe zimafikira pamodzi. Kuti umuone ali kutali pamafunika anthu ambiri, oyeza malo ambiri, otumizirana uthenga. Pa chilumba cha Valentia, kumwera chakumadzulo kwa Ireland, anayamba kuyeza nyengo ndi kutumiza uthenga pa waya mu 1860. Chida chao chachikulu chinali balomita, yoyeza kulemera kwa mpweya. Mpweya ukamapepuka msangamsanga, namondwe ali pafupi. Mu 1936 Ireland inakhazikitsa ofesi yake ya zanyengo, imene lero imatchedwa Met Éireann. Masiku ano makina ozungulira m'mlengalenga amajambula mitambo ili pakati pa nyanja, ndipo asodzi amamva chenjezo pa wailesi ndi pa foni asanatuluke.

CHIFUNGA NDI MBATATA

Tsopano tifike pa nkhani imene ikukhudza minda yathu. Mbatata ya kachewere, imene anzathu a ku Angónia ndi ku Tsangano amalima kwambiri, inali chakudya chachikulu cha osauka a ku Ireland. Inachokera ku mapiri a ku South America, koma ku Ireland inalimidwa kwambiri mpaka azungu ena akuitcha mbatata ya ku Ireland.

Mu 1845 kunabwera matenda achilendo. Masamba anada ngati awauka ndi moto, minda inanunkha, mbatata zinaolera pansi. Ndicho chiwawu. Chinabwereza zaka zotsatira. Pakati pa 1845 ndi 1852 anthu ngati 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda, ndipo ena oposa 1 miliyoni anachoka m'dzikomo. Tisaiwale kuti njalayo sinadze ndi chiwawu chokha. Nthawi imeneyo Ireland inali m'manja mwa Britain. Osauka analibe minda yaoyao, ankalipira lendi kwa eni malo, ndipo chakudya china chinali kutuluka m'dziko pa zombo anthu akufa.

Alimi anaona kuti chiwawu chimadza pambuyo pa masiku a chifunga ndi chitungu, pamene kunja kuli zii ndipo masamba sauma. Ambiri ankati chifungacho ndicho chimaotcha mbatata. Ena ankati ndi mphezi. Pa chifukwa anaphonya. Chiwawu chimadza ndi kanthu kamoyo konga chuku, kochepa kosaoneka ndi maso, kamene kamauluka ndi mphepo. Koma pa chizindikiro analondola. Kanthuko kamaswana ndi kulowa m'tsamba pokhapokha tsambalo litakhala lonyowa nthawi yaitali, kunja kusakuzizira kwambiri.

M'zaka za m'ma 1950, katswiri wa zanyengo wa ku Ireland, Austin Bourke, anatenga chizindikiro chimenechi nachiika m'manambala. Anati chinyezi cha mumpweya chikafika 90 pa 100, kutentha kukakhala madigiri 10 kapena kuposa, ndipo zimenezi zikakhala maola 12 otsatizana, chiwawu chili pafupi. Manambalawo anakonzedwanso pambuyo pake, koma mpaka lero Met Éireann imachenjeza alimi a mbatata kuti nyengo ya chiwawu yafika. Mlimi akamva amapopera mankhwala masamba asanade.

Mfundo yake ndi imeneyo: asanade. Mankhwala a kopa amatchinga tsamba kuti matenda asalowe. Sachiritsa tsamba lodwala kale. Ndiye ife olima kachewere ndi tomato, pakuti chiwawu chomwechi chimagwira zonse ziwiri, tikaona mvumbi kapena chifunga masiku awiri atatu, tisakhale m'nyumba. Tipite kumunda. Titembenuze masamba. Madontho akuda okhala ndi kachuku koyera kunsi kwa tsamba ndiwo chiyambi chake. Tiitane mlangizi msanga atiuze mankhwala ndi muyeso wake. Tikwezere mizere bwino kuti matenda otsika ndi madzi asafike pa mbatata. Ndipo munda ukagwidwa nthawi yokolola ili pafupi, tidule mitengo yake yonse n'kuichotsa, tidikire milungu iwiri, kenaka tikumbe.

NTCHITO YA GULU

Ana a ku Ireland analemba zimene agogo ao ananena. Ife tsopano tikudziwa kulemba, ndipo tingachite zoposa pamenepo. Tingalembe ndi kuyesa.

Gulu lililonse lipeze kope limodzi. Anthu awiri apite kwa akuluakulu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, akafunse mwaulemu zizindikiro za mvula zimene amadziwa: za mitengo yophukira, za mbalame, za nyerere, za achule, za mphepo, za phiri la kwanu. Lembani chizindikiro chilichonse pa tsamba lake. Funsaninso kuti chimanena za maola, za masiku, kapena za chaka chonse.

Pezani chitini choongoka, chofanana pakamwa ndi pansi. Chiikeni pamtetete, kutali ndi mitengo ndi madenga, pamene mbuzi ndi ana sangachigwetse. M'mawa uliwonse munthu mmodzi ayeze madzi a m'chitinimo ndi rula, alembe tsiku ndi mamilimita, ataye madziwo. Kukapanda kugwa mvula alembe 0.

Wina akaona chizindikiro, abwere alembe tsiku lomwelo, mvula isanagwe, osati pambuyo pake. Ikagwa, chongani. Ikapanda kugwa, lembaninso, ngakhale chizindikirocho chikhale cha agogo anu enieni. Mu Meyi, titatha kukolola, magulu onse abwere ndi makope ao ku msonkhano wa koperativa kuti tidzawerenge pamodzi.